Pa Sapitwa Mawu Omaliza Akhale a Namulondola

Mu July 2024, ine ndi anzanga asanu a m'kalasi tidasonkherana ndalama kuti tikakwere Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse pa phiri la Mulanje komanso m'Malawi muno. Pamwamba sitidafikepo. Tidabwerera panjira, mmodzi wa ife atabinya mwendo, wina akunjenjemera mpaka kulephera kuyankhula bwino. Kwa miyezi ingapo ndinkachita manyazi kuuza anthu kuti tidalephera. Lero manyazi anga ali pa chinthu china. Ndine amene ndidakakamiza namulondola wathu kuti tipitirize ulendo, iye atanena kale kuti tibwerere. M'nkhani ino ndikufuna kutsindika mfundo imodzi yomwe ndidaitola tsiku limenelo: nyengo ikaipa paphiri, mawu omaliza ayenera kukhala a namulondola, osati a munthu yemwe walipira ndalama.

Ndiyambe ndi kufotokoza malowo kuti amene sadafikeko amvetse. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Ambiri amayambira ulendo ku Likhubula, komwe kuli ofesi ya zankhalango ndiponso komwe alendo amapezako anamulondola ndi onyamula katundu. Tsiku loyamba limathera m'njira yopita ku nyumba ya Chisepo, yomwe ili m'tsinde mwa nsongayi. M'mawa mwake ndiye munthu amakwera Sapitwa weniweni, ulendo wa maola atatu kapena anayi kupita, enanso otero kubwera. Chigawo chomalizachi si njira yoyenda munthu manja ali m'thumba ayi. Pali matanthwe otsetsereka omwe umakwera chokwawa, pali miyala ikuluikulu yomwe umadumpha, ndipo pena umachita kudzipanikiza m'mipata ya miyala ngati mbira. Chokulondolera ndi timadontho ta penti yofiira tomwe adapaka pamiyala. Kukakhala kowala, timadonthoti timaoneka bwinobwino. Kukagwa nkhungu, dontho lomwe lili mapazi khumi patsogolo pako silioneka.

Nkhungu imeneyi ndi yomwe anthu a ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre amaitcha chiperoni. Dzinali lidachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali yomwe mphepoyi imachokera. Ndi mphepo yozizira, yachinyontho, yochokera ku nyanja ya India cha kum'mwera chakum'mawa, ndipo imakonda kuwomba pakati pa May ndi August. Ikafika paphiri imakankhidwira m'mwamba, n'kuzizira, n'kusanduka nkhungu ndi mvula yowaza yomwe imatha kukhala masiku angapo. A zasayansi amatiuza kuti munthu akamakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse. Kuchokera ku Likhubula kukafika pa Sapitwa munthu amakwera mamita oposa 2,000. Choncho yemwe wanyamuka kumunsi atavala malaya okha, kumwambako akapeza chisanu choti kwawo sadachionepo, ndipo zovala zikanyowa mphepo n'kumawomba, thupi limataya kutentha mofulumira kwambiri.

Zonsezi tinkazidziwa, kapena ndinene kuti tidaziwerenga. M'mawa wa tsiku lathu lokwera, namulondola wathu, bambo wachikulire wa m'mudzi wina kufupi ndi Likhubula, adatuluka panja kusadache. Adaima nthawi yaitali akuyang'ana kum'mawa, kenaka adabwera pamoto pomwe tinkaphika tiyi nati, "Ana anga, lero kumwambaku sikuli bwino. Tiswere pompano, tikwere mawa." Ife tidayang'anizana. Chakudya tidatenga cha masiku atatu okha, ndalama zolipirira usiku wina padalibe, ndipo minibasi yobwerera tidali titapangana nayo kale. Pamwamba pa nyumbayo thambo lidali loyera ndithu, kupatula kamtambo kamodzi komwe kadakhala pansongapo ngati chisoti. Mnzathu wina adaseka nati, "Bambo, kapena mukuopa mizimu?" Bambowo sadayankhe. Adamanga zingwe za nsapato zawo, nati, "Tiyeni, koma pomwe ndikanene kuti basi, pakakhale pomwepo." Tonse tidavomera.

Titakwera maola awiri ndi theka, nkhungu idatipeza. Sidabwere pang'onopang'ono ayi. Ndidawerama kuti ndimange nsapato, podzuka ndidaona kuti chigwa chonse chomwe tinkachijambula pafoni chazimiririka. Kudayamba kuwaza. Thanthwe lomwe poyamba linkagwira nsapato ngati msasa lidayamba kuterera, makamaka m'malo momwe mudamera ndere. Namulondola adaima nati, "Basi, tibwerere." Apa m'pomwe ndidalakwira. Ndidawafunsa kuti kwatsala mtunda wotani, iwo nati mwina ola limodzi. Ndidati, "Bambo, ife tachokera kutali, ndipo tidakulipirani kuti mutifikitse pamwamba. Ola limodzi lokha tibwererepo?" Anzanga atatu adandivomereza. Bambowo adandiyang'ana, nayang'ana mnyamata yemwe adatinyamulira katundu, kenaka adatembenuka n'kuyamba kukweranso.

Sipadathe mphindi makumi atatu, mnzathu wina adaterereka pathanthwe. Adatsetsereka chagada mpaka adakaima pachitsamba chomwe chidamera mumng'alu, mwendo utapindika. Kumunsi kwa chitsambacho kudali nkhungu yokhayokha, moti mpaka lero sindidziwa kuti akadapitirira akadakagwera pati. Tili mkati momukoka, tidazindikira kuti mtsikana mmodzi mwa awiri omwe tidali nawo wakhala chete pamwala, juzi yake itanyoweratu, milomo itachita bii. Tikamufunsa ankayankha mawu osamveka ngati woledzera. Namulondola adavula jekete yake n'kumuveka, iye n'kutsala ndi malaya okha. Kutsika komwe kukadatitengera maola atatu kudatitengera asanu ndi limodzi. Wovulalayo ankamugwirizira bambowo ndi mnyamata uja mosinthana. Kangapo konse timadontho tofiira tidatisowa, ndipo bambowo ankatiuza kuti tiime pamodzi, iwo n'kulowa m'nkhungu okha kukafufuza njira, ife n'kumangomva mluzu wawo. Pa Chisepo tidafika kutada, tikuwunikira tochi imodzi ndi mafoni awiri omwe adali asadathe moto.

Usiku umenewo, tikuwotha moto womwe mlonda wa panyumbapo adatisonkhera, ndidawafunsa bambowo chifukwa chomwe adavomerera kupitirira pomwe ankadziwa kuti n'koopsa. Yankho lawo ndi lomwe lidandichititsa kulemba nkhani ino. Adati ntchito yawo imabwera mwa apo ndi apo, ndipo mlendo akabwerera osafika pamwamba amatsika atakwiya, ya sopo sapereka, mwinanso amakauza anzake kuti namulondola wakutiwakuti ndi waulesi. "Inu mukapita kwanu," adatero, "ine nditsala konkuno ndi mbiri yomwe mwandisiyira." Ndidazindikira kuti pathanthwe paja sitinkakangana ngati anthu ofanana. Mmodzi ankadziwa phiri koma adalibe mphamvu, wina adali ndi ndalama koma phiri sankalidziwa. Ndipo ndalama ndi zomwe zidapambana.

Chifukwa choyamba chomwe ndikunenera kuti mawu omaliza akhale a namulondola n'choti iye ndi yekhayo pagulupo yemwe amaona zomwe ena sakuona. Ife tinkaona thambo loyera ndi kamtambo kamodzi. Iwo ankaona komwe mphepo ikuchokera, momwe kamtamboko kakukulira, ndiponso ankawerengera maola. M'miyezi yachisanu dzuwa ku Mulanje limalowa 6 koloko isadakwane. Yemwe wachedwa kumwamba ndi gulu la anthu otopa pamiyala yonyowa, mdima umupeza asadatsike. Nzeru zoterezi siziphunziridwa m'kalasi. Zimabwera munthu akakwera malo amodzimodziwo kambirimbiri, m'nyengo zosiyanasiyana. Akuluakulu adati galu wamkota sakandira pachabe. Munthu yemwe amadya chifukwa chofikitsa alendo pamwamba akanena kuti tisapiteko, ndiye kuti waona kanthu.

Chifukwa chachiwiri n'choti wokwera phiri yemwe watsala pang'ono kufika saganiza bwino. Ndikunena izi chifukwa zidandichitikira. Maganizo anga onse adali pa ndalama zomwe tidasonkha, pa chithunzi chomwe ndinkafuna kujambulitsa pachipilala cha pansonga, ndi pa anzathu omwe akatiseke tikabwerera. Palibe ngakhale chimodzi mwa zinthu zimenezi chomwe chikadaumitsa thanthwe kapena kuchotsa nkhungu. Kuwonjezera apo, a zachipatala amanena kuti kuzizidwa kwambiri kumasokoneza bongo, moti munthu amayamba kuchita zinthu mosalingalira iye osadziwa kuti wasokonezeka. Ngati zili choncho, n'kulakwa kusiya chigamulo m'manja mwa munthu wotopa, wozizidwa ndi wofunitsitsa kufika, pa nthawi yomwe nzeru zake zachepa.

Chifukwa chachitatu n'choti ngozi ya paphiri sigwera wokakamira yekhayo. Ine amene ndidalimbikira kuti tipitirire ndidatsika wopanda ngakhale bala. Adavulala ndi mnzanga, adadwala ndi mtsikana yemwe sadanene n'komwe kuti tipitirire, ndipo adayenda maola asanu ndi limodzi m'chisanu wopanda jekete ndi bambo yemwe adatichenjeza kawiri. Munthu akasowa paphiripo, amene amasiya minda ndi mabanja awo kukamufunafuna m'maphompho ndi anthu omwewa a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri. Choncho yemwe amati "moyo ndi wanga, ndichita zomwe ndikufuna" akunama. Paphiri moyo wako umamangirirana ndi wa anzako.

Mbiri ya phirili ikuchitira umboni. Mu 1949 mzungu wina wogwira ntchito za nkhalango adakokoloka ndi madzi a mtsinje wosefukira paphiri pomwepa nyengo itaipa, ali paulendo ndi mlembi Laurens van der Post, yemwe adasimba za imfayi m'buku lake lotchedwa Venture to the Interior. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands adapita yekha cha ku Sapitwa ndipo adasowa. Mu July 2009 Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil wa zaka 28, katswiri wa zachuma, adakwera chigawo chomaliza cha Sapitwa yekha atasiya namulondola wake m'munsi. Nyengo idasintha, ndipo thupi lake lidapezeka mu August patatha masabata pafupifupi atatu. Adamwalira ndi kuzizidwa. Nkhani yake idajambulidwa m'filimu ya Fellipe Barbosa ya mu 2017 yotchedwa Gabriel and the Mountain. Sindikutchula anthuwa kuti ndiwaweruze, pakuti ine ndidachita zomwezo, kungoti ndidali ndi mwayi. Ndikuwatchula pofuna kuonetsa kuti Sapitwa sayang'ana maphunziro, mphamvu kapena dziko lomwe munthu wachokera.

Monga wophunzira chiyankhulo, ndimadabwa kuti chenjezoli lili m'dzina lenilenilo koma ife sitilimva. Tikaliphwanya dzina loti Sapitwa tipeza mphatikiram'mbuyo wokana sa-, tsinde la mneni -pit-, ndi -w- yemwe amasonyeza kuchitidwa. Tanthauzo lake ndi malo omwe anthu sapitako. Makolo omwe adatcha dzinali ankati kumeneko kumakhala mizimu, ndipo mpaka lero anthu amasimba za chakudya chomwe munthu amatha kuchipeza paphiri chitakonzedwa kale, chomwe ayenera kudya yekha osaitana mnzake. Si cholinga changa kutsutsa kapena kuvomereza zikhulupiriro zimenezi. Chomwe ndikuona n'chakuti anthu omwe adakhala m'tsinde mwa phirili mibadwomibadwo adadziwa kuti kumwambako anthu amasowa, ndipo adaika chidziwitsocho m'dzina ndi m'miyambo kuti mwana aliyense akule akuchidziwa. Chomvetsa chisoni n'choti ife ophunzira timagwiritsa ntchito nkhani ya mizimuyi ngati chida chonyozera. Kumbukirani kuti namulondola wathu sadatchulepo mizimu ngakhale kamodzi. Iye ankanena za mphepo, miyala yonyowa ndi nthawi. Amene tidabweretsa mizimu pankhaniyo ndife, n'cholinga choti chenjezo lake lioneke ngati mantha a munthu wosaphunzira.

Ndikudziwa kuti ena sagwirizana nane, ndipo mfundo zawo si zopanda pake. Ena anganene kuti namulondola akapatsidwa mphamvu zotere, aulesi adzayamba kubweza alendo ngakhale kunja kuli bwino, kuti alandire ndalama osakhetsa thukuta. N'zoona kuti anthu otero sangalephere kupezeka, monga momwe amapezekera pantchito ina iliyonse. Koma tiyeni tiyeze zinthu ziwirizi. Namulondola akakubweza molakwa, wataya ndalama ndi tsiku limodzi, ndipo ukhoza kukadandaula kumunsi n'kudzabweranso chaka chamawa. Iwe ukamukakamiza molakwa, chotayika chikhoza kukhala moyo, ndipo kumeneko kulibe kodandaulira. Komanso zomwe ndidaona ine n'zosiyana ndi mantha amenewa. Umphawi umakankhira anamulondola ku kuvomera zoopsa, osati ku kukana.

Ena anganene kuti anthu ambiri adafikapo pa Sapitwa kuli nkhungu ndipo adabwerako bwinobwino. Izinso n'zoona. Koma kupulumuka si umboni woti munthu adaganiza bwino. Woyendetsa minibasi yemwe amapitirira galimoto inzake pakona akhoza kutero kakhumi osachita ngozi, koma palibe amene angamutche katswiri. Vuto n'loti omwe adapulumuka ndiwo amabwera kudzasimba, ndipo nkhani zawo zimakoma m'makutu. Omwe sadapulumuke sasimba kanthu.

Palinso ena omwe amati kukoma kwa kukwera phiri ndi kulimbana ndi zovuta, ndipo kuti tikachotsa kuopsa ndiye kuti tachotsa zonse. Ine sindikunena kuti anthu asamakwere Sapitwa, kapena kuti azikwera pokhapokha kulibe ndi kamtambo komwe. Ngakhale kutacha bwino, nsongayi imafuna mphamvu ndi kulimba mtima. Ndikunena kuti kulimba mtima n'kosiyana ndi liuma. Tsiku lija munthu wolimba mtima pagulu pathu adali bambo yemwe ankalowa yekha m'nkhungu kukafuna njira. Ine ndidali waliuma chabe.

Nanga tichitenji? Akuluakulu adati nkhanga zidapangana kusadapse. Zinthu izi ziyenera kukambidwa kumunsi, anthu ali owuma ndi okhuta, osati pathanthwe mvula ikuwaza. Poyamba, malipiro a namulondola ndi onyamula katundu asadalire kufika pansonga. Gulu livomereze lisadanyamuke kuti lidzalipira ndalama zonse, ndi ya sopo yomwe, kaya lafika kaya labwerera panjira. Tikatero tamumasula munthuyo kuti anene zoona. Chachiwiri, gulu lipangane ola lobwerera, loti likakwana onse atembenuke ngakhale chipilala chikuoneka. Chachitatu, pokonza ulendo tiziwonjezera tsiku limodzi lapadera, pamodzi ndi chakudya ndi ndalama zake. Tikadakhala ndi ufa ndi ndiwo za tsiku limodzi lokha, sitikadakangana n'komwe ndi bambo aja m'mawa uja. Chachinayi, a zankhalango, mabungwe monga Mulanje Mountain Conservation Trust ndi Mountain Club of Malawi, pamodzi ndi anamulondola eniake, aganizire zoti mlendo aliyense aziuzidwa momveka asadakwere kuti namulondola akati tibwerere, nkhani yatha. Namulondola yemwe wabweza gulu chifukwa cha nyengo azidziwa kuti kumunsi akamuikira kumbuyo.

Nkhaniyi ndi yofunika kwambiri tsopano chifukwa mu July 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, poganizira za kufunika kwake pa chikhalidwe ndi chipembedzo cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe. N'zosakayikitsa kuti ofuna kuliona achuluka, ndipo pakati pawo padzakhala magulu a ophunzira ngati lathu lija, a ndalama zoperewera, a masiku owerengeka, ofuna chithunzi cha pansonga. Kungakhale kudzitsutsa kunyadira kuti dziko lapansi lalemekeza nzeru za anthu a m'tsinde mwa phirili, ife eniake n'kumanyoza mmodzi wa iwo akatiuza kuti lero kumwamba sikuli bwino.

Pomaliza, ndibwerere kwa anzanga aja. Wovulala mwendo adayenda ndi ndodo masabata asanu ndi limodzi ndipo adaphonya mayeso amodzi. Mtsikana uja adachira usiku womwewo atamwa tiyi wotentha ndi kufunda mabulangete atatu, koma adandiuza kuti phiri sadzakweranso. Tisadasiyane ku Likhubula ndidapepesa kwa bambo aja. Iwo adangoseka nati, "Phiri silisamuka, mwana wanga. Mudzalipeza pomwepa." Ndikufuna kudzabwererako, ndipo ndayamba kale kusunga ndalama. Ulendo umenewo ndidzatenga chakudya cha masiku anayi, ndipo namulondola akadzati basi, ndidzakhala woyamba kutembenuka.